Masiku 20 ku Mariupol: kamera itasanduka mboni mumzinda wozingidwa

Mstyslav Chernov anajambula zithunzi za kanema za maola pafupifupi 30 mumzinda wa Mariupol, ku Ukraine, pamene dziko la Russia linaukira dzikolo kumayambiriro kwa chaka cha 2022, koma zimene anakwanitsa kutumiza kunja mzindawo uli chizingidwire zinali za mphindi 40 zokha. Mphindi zimenezo ndi zomwe mawayilesi a kanema padziko lonse ankangoti bwerezebwereze: mayi woyembekezera atanyamulidwa pa machira, mitembo ikuponyedwa m'ngalande, akasinja akuombera nyumba zosanja zokhalamo anthu. Zotsalazo zinatuluka mumzindamo zitabisidwa pansi pa mipando ya galimoto, ndipo ndi zimene zinadzakhala filimu yotchedwa 20 Days in Mariupol, yomwe inapata mphoto ya Oscar pa 10 Malichi 2024.

Mufilimuyi mulibe ochita zisudzo. Amene mukuwaona akumwalira anamwaliradi, ndipo amene akuwalirawo ndi makolo awo owabereka. Choncho kufunsa ngati yakoma kapena siinakome n'kuphonya nkhani. Mafunso oyenera ndi aja amene mboni imapanikizidwa nawo pabwalo la milandu: unali pati, unaona chiyani ndi maso ako, nanga n'chiyani chimene sunachione? Mmene ndikuonera ine, filimuyi ndi yodalirika chifukwa siyithawa funso lachitatulo.

Mzinda wokhala panjira

Mzinda wa Mariupol uli m'mphepete mwa nyanja ya Azov, kum'mwera chakum'mawa kwa Ukraine, m'chigawo cha Donetsk. Nkhondo isanayambe munkakhala anthu opitirira 400,000, pafupifupi theka la anthu a mumzinda wa Blantyre. Unali mzinda wa doko ndi mafakitale awiri akuluakulu a zitsulo, Azovstal ndi Illich, ndipo anthu ambiri m'makomo mwawo ankalankhula Chirasha. Tsoka lake linali malo amene unamangidwapo. Mu 2014 dziko la Russia linalanda dera la Crimea, ndipo magulu ogalukira boma, mothandizidwa ndi Russia yemweyo, analanda mbali ina ya zigawo za Donetsk ndi Luhansk. Mariupol unatsala pakati. Aliyense wofuna njira ya pamtunda yolumikiza Crimea ndi malire a Russia sakanachitira mwina koma kudutsa pamenepo.

Chernov, wojambula kanema wa bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press, ankazidziwa zimenezi. Iye pamodzi ndi wojambula zithunzi Evgeniy Maloletka ndi Vasilisa Stepanenko, amene ankayendetsa ntchito ya gululo, analowa mumzindawo kusanache pa 24 Febuluwale 2022, kutatsala pafupifupi ola limodzi kuti mabomba oyamba agwe. Onse atatu ndi nzika za Ukraine. Atolankhani ena a mabungwe akunja anatuluka m'masiku oyambirira, njira isanatsekeke. Pofika pa 2 Malichi asilikali a Russia anali atazinga mzindawo mbali zonse, ndipo atatuwa ndi okhawo amene anatsala otumiza nkhani ku bungwe la padziko lonse.

Kuzinga mzinda ndi njira yakalekale yomenyera nkhondo. M'malo molowa kukalimbana ndi adani msewu ndi msewu, umatseka polowera ndi potulukira ponse, n'kumaponya mizinga uku ukudikira kuti njala, ludzu ndi mantha zigwire ntchito yotsalayo. Mumzinda wamakono zimenezi sizitenga nthawi, poti chilichonse chimadalira magetsi. Magetsi akazima mapampu a madzi amaima, makina otenthetsa m'nyumba amazizira, nsanja za mafoni zimafa. Ku Mariupol zonsezi zinachitika m'sabata yoyamba ya Malichi, nthawi imene kumazizira mpaka madzi kuundana. Anthu ankasungunula chipale chofewa kuti amwe, ankakhuthula madzi a m'mapaipi otenthetsera nyumba, ankaphika pa moto wa nkhuni panja pa nyumba zosanja n'kumathawira m'zipinda zapansi ndege ikamveka. Magulu a Red Cross anayesa kutulutsa anthu pa 5 ndi pa 6 Malichi, koma zinakanika chifukwa kuombera sikunaleke.

Chernov atatuluka analemba kuti kudula mauthenga kumathandiza wozinga m'njira ziwiri. Yoyamba ndi chipwirikiti: anthu osadziwa chimene chikuchitika amasokonezeka mitu. Yachiwiri ndi kusalangidwa, poti ngati palibe chithunzi cha nyumba yogumuka kapena mwana wophedwa, wochita zimenezo angathe kukana kwa mtuwagalu. Zonse ziwirizi zikuoneka mufilimumo. Anthu akumuzungulira wojambula n'kumamufunsa ngati Kyiv, likulu la dzikolo, wagwa, ngati dziko lawo likadalipo. Ena akumupempha kuti awajambule nkhope n'kutchula mayina awo, kuti mwina m'bale wawo kwinakwake adziwe zoti ali moyo. Wayilesi yokhayo imene inkamveka inali ya a Russia, yomwe inkalengeza kuti asilikali a Ukraine ndi amene agwira anthu ukapolo n'kumaombera nyumba zawo. Ena anakhulupirira, ndipo filimuyi sinawabise. Akuoneka akunena pa kamera kuti sakudziwa amene akuwaphulitsa, ena mpaka kuloza chala asilikali akwawo.

M'chipinda cha ovulala

Mbali yaikulu ya filimuyi inajambulidwa m'chipatala, chifukwa n'kumene kunali jenereta yotchajira mabatire, komanso n'kumene nkhondo inkafikira. Pa 27 Febuluwale ambulansi inabweretsa kamtsikana kakang'ono kovulazidwa ndi mzinga. Kamera ikutsatira machira mpaka m'chipinda, madokotala akukapopa pachifuwa, namwino akulira uku akugwira ntchito. Dokotala wina akutembenukira kwa wojambula mokalipa, kumuuza kuti ajambule ndithu, akamuonetse Putin, mtsogoleri wa Russia, maso a mwanayo ndi madokotala amene akulira. Mwanayo anamwalira. Patangopita masiku owerengeka, bambo wina akuoneka atakumbatira mutu wa mwana wake wa zaka 16 amene mzinga unamupeza akusewera mpira pafupi ndi sukulu. Kenako makolo achinyamata akulowa chothamanga atanyamula khanda la miyezi 18 litakulungidwa m'bulangete lamagazi. Madokotala akuliunika ndi tochi ya pafoni. Kamera yatsala pakhonde ndi mayiyo, amene akungofunsa kuti chifukwa chiyani, chifukwa chiyani.

Pano m'pamene munthu wakwathu kuno angaime n'kudandaula. Ife maliro timawapatsa ulemu, ndipo amene amajambula mitembo pangozi ya pamsewu n'kumaitumiza m'magulu a WhatsApp timawadzudzula, moyeneranso. Nanga uyu akusiyana nawo pati? Kusiyana kulipo, ngakhale sikuthetsa vuto lonse. Wojambula pangozi saonjezera chilichonse chimene anthu sakanachidziwa, amangodyetsa maso a anthu achidwi. Ku Mariupol kunali boma lamphamvu limene linkalengeza tsiku ndi tsiku kuti asilikali ake sakuombera anthu wamba, ndipo chotsutsa mawu amenewo chinali thupi la mwanayo basi. Komanso nthawi zambiri oitana kamera anali eni malowo, madokotala ndi apolisi. Komabe mayi amene mwana wake wangotsirizika kumene sangathe kuvomera kapena kukana mwaufulu kuti ajambulidwe, ndipo nkhope yake idzaonedwa ndi anthu mamiliyoni kwa moyo wake wonse. Chernov sakunamizira kuti vutoli kulibe. Anasiyamo anthu amene akumutukwana ndi ena omukana. Penapake mawu ake akumveka akunena kuti zimenezi n'zowawa kuonera, koma ziyenera kuwawa.

Anasiyamonso zinthu zimene wofalitsa mabodza a boma akanazidula. Tsiku loyamba anakumana ndi mayi wina akulira pamsewu, kufunsa kothawira. Anamuuza kuti abwerere kunyumba akakhale m'chipinda chapansi, poti anthu wamba saomberedwa. Dera lomwelo linaphulitsidwa, ndipo atakumananso naye kumalo obisalako anamupepesa. Mukuonekanso anthu a mumzindamo akuthyola masitolo, ena kutenga chakudya, ena zinthu zoti sangadye n'komwe. Mwini sitolo wina, mayi, waima pakati pa katundu wake womwazika n'kumakalipira bambo amene wanyamula mpira, kumufunsa ngati akukasewera panthawi ngati imeneyo. Dokotala wina ananena kuti nkhondo imaunika munthu mkati ngati makina a ekisileyi: wabwino amaonjezera ubwino, woipa amaipiratu.

Kutumiza zithunzizo inali nkhondo payokha. Kwa masiku angapo netiweki inkapezeka pamalo amodzi okha, panja pa sitolo ina yothyoledwa mumsewu wa Budivelnykiv. Ankapita kumeneko kamodzi patsiku, n'kunjuta pansi pa masitepe uku mafoni akutumiza pang'onopang'ono. Pa 3 Malichi netiweki ija inazimanso. Anayesa pawindo la m'mwamba m'chipatala, anayesa foni ya setilaiti imene inkangokwanira kulankhula mawu ochepa ndi akonzi. Mufilimumo mkonzi anaika tizidutswa ta nkhani za pa wayilesi za kanema za m'mayiko osiyanasiyana pambuyo pa chochitika chilichonse chimene chinatumizidwa, moti woonera amaona yekha kuchepa kwa zimene zinkafika kunja poyerekeza ndi zimene wangoona kumene.

Pa 9 Malichi

Masana a pa 9 Malichi bomba linagwa pabwalo la chipatala cha amayi oyembekezera ndi ana, n'kukumba chidzenje chachikulu. Atolankhani aja anafika utsi ukadali tolotolo. Maloletka anajambula amuna atanyamula pa machira mayi woyembekezera, nkhope ili mbuu, dzanja lili pamimba, akudutsa pakati pa mitengo yothyoka ndi magalimoto opsa. Mafupa a m'chiuno mwake anali ataphwanyika. Kuchipatala china madokotala anamuchita opaleshoni, koma mwana anatuluka wakufa, ndipo mayiyo anatsatira. Chithunzi chimenecho chinadzasankhidwa kukhala chopambana pa mpikisano wa World Press Photo wa 2023. Mayi winanso anajambulidwa akutsika masitepe odzaza zigumukire, magazi kumaso, atanyamula bulangete ndi jumbo.

Wapolisi wina anawatsogolera kumalo kumene kunali magetsi ndi intaneti yofooka. Kanemayo anamudula zidutswa zitatu, chidutswa chilichonse pa foni yakeyake, ndipo panatenga maola kuti zidutse, mizinga ikugwa chapafupi.

Kutacha, mayankho a boma la Russia anabwera awiri, otsutsana okha. Nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, Sergei Lavrov, ali ku Antalya m'dziko la Turkey, ananena kuti chipatalacho chinali chitalandidwa kalekale ndi asilikali a gulu la Azov ndipo odwala anali atachotsedwamo. Unduna wa zachitetezo unati ndege zawo sizinaponye bomba lililonse kumeneko, zonse zinali sewero lokonzedwa ndi a Ukraine. Ofesi ya kazembe wa Russia ku London inalemba pa Twitter kuti mayi wotsika masitepe uja anali wochita zisudzo wodzipaka utoto, ndiponso kuti ndi yemweyo amene anagona pa machira. Kampani ya Twitter inachotsa mauthengawo. Pa 11 Malichi kazembe wa Russia ku United Nations, Vasily Nebenzya, anabwereza zoti zithunzizo n'zabodza pamsonkhano wa nthambi yoona zachitetezo.

Dzina la Azov silinangotchulidwa mwangozi. Gululi linayamba mu 2014 ngati asilikali odzipereka, ndipo ena mwa oliyambitsa anali anthu a maganizo osankhana mitundu. Chaka chomwecho linalowetsedwa m'gulu lachitetezo la boma, ndipo likulu lake linali ku Mariupol. Boma la Russia linkagwiritsa ntchito mbiri imeneyi ponena kuti mzinda wonsewo ndi phanga la chipani cha Nazi. Koma ngakhale zikanakhala zoona kuti m'chipatalamo munali asilikali, Pangano Lachinayi la ku Geneva la 1949 limati chipatala sichitaya chitetezo chake pokhapokha chenjezo litaperekedwa, nthawi yokwanira itaikidwa, ndipo chenjezolo litanyozeredwa. Akatswiri otumidwa ndi bungwe la OSCE, loona za chitetezo ndi mgwirizano ku Ulaya, m'lipoti lawo la mu Epulo 2022, anapeza kuti chenjezo lotero silinaperekedwe, ndipo anati kuphulitsako unali mlandu wa pankhondo.

Atamva zoti akutchedwa abodza, atolankhaniwo anabwerera kukafunafuna amayi aja. Pa 11 Malichi anawoloka mzinda kupita kuchipatala chimene ovulala anasamutsidwirako. Kumeneko anamva za imfa ya mayi wa pa machira, ndipo anapeza mayi wa pa masitepe atabereka mwana wamkazi. Nkhani ya mayi ameneyu sinathere pomwepo. Patapita masabata angapo anaonekera pa kanema ali kudera lolamulidwa ndi Russia, akunena kuti sanamve kulira kwa ndege ndiponso kuti sanafune kujambulidwa. A Associated Press anatsutsa zonse ziwiri potengera zimene makamera awo anajambula. Koma ngakhale pamenepo mayiyo sanavomere kuti anali wochita zisudzo. Anati mimba inali yeniyeni, kuphulikako kunachitikadi, magazinso anali ake.

Pa 11 Malichi pomwepo akasinja a Russia olembedwa chilembo cha Z anafika pafupi ndi chipatalacho, ndipo Chernov anawajambula ali pawindo akuombera nyumba yosanja mpaka kuyaka. Njira yotulukira inali itatsekeka. Madokotala anawabwereka zovala za ogwira ntchito m'chipatala kuti asadziwike. M'bandakucha munalowa asilikali ovala nsalu za buluu pamkono, akufunsa kuti atolankhani ali kuti. Anali a Ukraine, otumidwa kudzawatulutsa, ndipo anathamanga nawo m'misewu zipolopolo zikulira. Wapolisi uja ndi amene anawafotokozera chifukwa chake: a Russia akakugwirani adzakuimikani pa kamera kuti munene kuti zonse munajambulazi n'zabodza, ndiye kuti ntchito yonseyi yapita m'madzi. Pa 15 Malichi anakwera galimoto ya wapolisiyo pamodzi ndi banja lake n'kudutsa malo 15 a chipikisheni a asilikali a Russia. Kuonjezera pa zithunzi zawo, anatulutsanso kamemore kadi kokhala ndi zimene anajambula Yuliia Paievska, mayi wopereka chithandizo choyamba kwa ovulala, wodziwika ndi dzina loti Taira. Anakabisa m'kathonje kamene amayi amagwiritsa ntchito akakhala kumwezi. Paievska anagwidwa ndi a Russia tsiku lotsatira, ndipo anamasulidwa mu Juni.

Zimene kamera sinaone

Dzina la filimuyi likuulula lokha malire ake. Nkhondo yolimbirana mzindawu inatenga masiku oposa 80, mpaka pa 20 Meyi pamene asilikali omaliza a Ukraine anatuluka m'mapanga a pansi pa fakitale ya Azovstal n'kudzipereka. Kamera inaona masiku 20 oyambirira, ndipo zoopsa kwambiri zinachitika itachoka. Pa 16 Malichi, atolankhani atangotuluka dzulo lake, nyumba yaikulu yochitiramo zisudzo pakati pa mzindawo inaphulitsidwa. Munali mutabisala anthu mazanamazana, ndipo panja, kutsogolo ndi kumbuyo, anali atalemba pansi mawu oti "ana" m'Chirasha, ndi zilembo zikuluzikulu zooneka ngakhale pa zithunzi za setilaiti. Panalibe mtolankhani wojambula. Zotsatira zake, khonsolo ya mzindawo inati anafa anthu pafupifupi 300, kafukufuku wa Associated Press anapeza pafupifupi 600, pamene bungwe la Amnesty International linatsimikiza anthu osachepera 12 n'kunena kuti n'kutheka kuti analipo ambiri koposa apo. Boma la Russia linati nyumbayo anaiphulitsa ndi a Azov.

Chiwerengero cha onse amene anafa mumzindamo chili chimodzimodzi. Akuluakulu a boma la Ukraine amati ndi osachepera 25,000. Bungwe la Human Rights Watch, m'lipoti la mu Febuluwale 2024, linawerenga manda atsopano pa zithunzi za setilaiti n'kupeza kuti anthu osachepera 8,000 anafa chifukwa cha nkhondoyo, koma linachenjeza kuti chiwerengerochi n'chochepa poti ena anaikidwa angapo m'dzenje limodzi, ena m'mabwalo a nyumba, ena anatsalira pansi pa zigumukire. Ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inati mwa nyumba zosanja 10 zilizonse zokhalamo anthu, pafupifupi 9 zinaonongeka kapena kugumukiratu. Filimu singakupatseni chiwerengero. Ingakuonetseni amuna akukankhira matumba akuda m'ngalande yokumbidwa mofulumira pamanda akale, mmodzi wa iwo akutukwana onse amene anayambitsa nkhondoyo, koma singakuuzeni kuti ngalande zotero zinalipo zingati.

Ndi mboninso ya mbali imodzi ya mzere wankhondo. Ojambulawo ndi a ku Ukraine, ankayenda ndi apolisi a ku Ukraine, anapulumutsidwa ndi asilikali a ku Ukraine. Chernov, mbadwa ya ku Kharkiv, akusimba nkhaniyo ndi mawu ake, motsitsa, ndipo akutchulamo za ana ake aakazi. Asilikali a Ukraine ankamenya nkhondo ali mumzinda momwemo, pakati pa anthu, ndipo filimuyi siingayankhe kuti pa bomba lililonse iwo anali pamtunda wotani. Zimenezi sizisandutsa umboni wake bodza. Zimangotanthauza kuti uyenera kuikidwa pambali pa maumboni ena, monga a anthu opulumuka, zithunzi za setilaiti ndi zidutswa za zida zimene zinatoledwa.

Panali wojambula winanso amene sanatulukemo. Mantas Kvedaravičius wa ku Lithuania, amene mu 2016 anatulutsa filimu yotchedwa Mariupolis, anabwerera mumzindawo nkhondo ili mkati. Patangopita masabata ochepa anaphedwa, ndipo akuluakulu a boma la Ukraine anati anagwidwa n'kuomberedwa ndi asilikali a Russia. Bwenzi lake Hanna Bilobrova anapeza thupi lake, analitulutsa pamodzi ndi zimene anajambula, ndipo filimu ya Mariupolis 2 inaonetsedwa pachionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu Meyi 2022. Iyo ndi yosiyana kwambiri ndi ya Chernov. Ikuonetsa anthu obisala pansi pa tchalitchi, akusesa pabwalo, akuphika mumphika waukulu, mizinga ikumveka chapatali. Kuzingidwa kumakhalanso kotero: maola ambirimbiri a kudikira, amene nkhani za pa wayilesi sizikhala nawo ntchito.

Filimu ya Chernov inakonzedwa ndi Michelle Mizner wa pulogalamu ya Frontline ya wayilesi ya PBS ku America, mogwirizana ndi Associated Press. Anaiyala motsatira masiku, popanda akatswiri okhala pampando ofotokoza zandale. Inaonetsedwa koyamba pachionetsero cha mafilimu cha Sundance ku America mu Januwale 2023, chaka chomwecho atolankhani atatu aja pamodzi ndi mlembi Lori Hinnant anapezera bungwe lawo mphoto ya utolankhani ya Pulitzer, kenako panabwera mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA ndi Oscar, yoyamba m'mbiri ya Ukraine. Polandira mphotoyo Chernov ananena kuti akanakonda akanapanda kupanga filimuyo, ndipo akanasinthanitsa mphotoyo ndi kuti Russia asaukire dziko lake.

Kodi zingafike kukhoti?

Amati mlandu suola, ndipo mbiri ili ndi zitsanzo za kanema amene anadikira nthawi yake. Pa 29 Novembala 1945 oweruza a ku Nuremberg, ku Germany, anaonetsedwa zithunzi za m'misasa yophera anthu ya chipani cha Nazi, oimbidwa milandu ali pomwepo. Mu Juni 2005, pamlandu wa Slobodan Milošević, mtsogoleri wakale wa Serbia, ku The Hague, panaonetsedwa kanema wa mu 1995 wa asilikali a gulu la Aserbia la Scorpions akupha anyamata ndi amuna 6 ogwidwa ku Srebrenica, m'dziko la Bosnia. Anali atajambula okha. M'masiku ochepa boma la Serbia linamanga ena mwa iwo, ndipo anagamulidwa mu 2007. Mu 2017 khoti la padziko lonse la ICC linatulutsa chikalata chomangira Mahmoud al-Werfalli, mkulu wa asilikali wa ku Libya, modalira kwambiri makanema a pa intaneti, ngakhale kuti iye anaphedwa mu 2021 asanaonekere pamaso pa oweruza.

Koma khoti silionera filimu ngati mmene ife timaonera. Silifuna nyimbo kapena mawu a wosimba. Limafuna fayilo yoyambirira yosadulidwa, tsiku ndi malo amene inajambulidwa, ndi ndondomeko ya manja onse amene inadutsamo. Ndipo pali phompho lalikulu pakati pa kuonetsa kuti chipatala chinaphulitsidwa ndi kutsimikiza kuti analamula ndi uje. Kamera imaona kogwera bomba, siiona ofesi imene munachokera lamulo. Zikalata zomangira akuluakulu a Russia zimene ICC inalengeza mu 2023 ndi 2024 zikukhudza milandu ina. Cha Vladimir Putin, cha pa 17 Malichi 2023, n'chokhudza kusamutsa ana a ku Ukraine mokakamiza, ndipo za akuluakulu a asilikali n'zokhudza kuphulitsa malo opangira magetsi. Komanso khotili lilibe apolisi akeake, limadalira mayiko amene ali mamembala. Ife kuno tinaziona: mu 2011 Omar al-Bashir wa ku Sudan, amene ICC inkamufuna, anabwera ku Lilongwe kumsonkhano wa COMESA n'kubwerera osamangidwa, ndipo mu 2012 boma la Joyce Banda litakana kumulandira, msonkhano wa African Union unasamutsidwira ku Addis Ababa. Putin sanapite kumsonkhano wa BRICS ku Johannesburg mu 2023, koma mu 2024 anapita ku Mongolia, dziko lomwe ndi membala wa ICC monga South Africa, n'kulandiridwa ndi ulemu wonse.

Uku milandu ikudikira, malo amene inachitikira akusintha. Pofika mu Disembala 2022, Associated Press inali itawerenga manda atsopano opitirira 10,000 ndipo inapeza mapulani a olamulira atsopano ogwetsa nyumba zoposa 50,000. Msewu waukulu wotchedwa wa Mtendere unabwezeredwa dzina la Lenin. Chigumukire cha nyumba ya zisudzo chinatchingidwa ndi chinsalu, kenako makatapila anagwetsa mbali yaikulu ya chotsalacho. Ofufuza odziimira paokha saloledwa kulowa mumzindamo. Choncho pa misewu ndi nyumba zambiri, zithunzi za anthu ngati Chernov, Paievska ndi Kvedaravičius, pamodzi ndi za m'mafoni a anthu othawa, ndi zokhazo zimene zikuonetsa mmene zinthu zinalili asanasese.

Mizinda ina yozingidwa inapezanso oijambula. Waad al-Kateab anajambula kwa zaka zingapo m'chipatala cha kum'mawa kwa Aleppo ku Syria mpaka deralo litagwa mu Disembala 2016, ndipo zithunzi zakezo zinakhala filimu ya For Sama ya mu 2019. Koma ina ilibe. Mzinda wa El Fasher, m'chigawo cha Darfur ku Sudan, unazingidwa ndi asilikali a RSF, gulu lolimbana ndi asilikali a boma la Sudan, kwa miyezi pafupifupi 18, nthawi yotalika kuwirikiza kangapo kuposa ya Mariupol. Ozingawo anaunjika chimulu cha dothi kuzungulira mzindawo, ndipo anthu anafika pomadya zotsalira za mtedza woyengedwa mafuta, zomwe ndi chakudya cha ziweto. Mabungwe akuluakulu ofalitsa nkhani analibe gulu lawo mkatimo. Nkhani zinkatuluka kudzera mwa atolankhani a komweko ogwira ntchito moika moyo pachiswe, ndiponso mwa akatswiri a ku yunivesite ya Yale ounika zithunzi za setilaiti. Mzindawo utagwa pa 26 Okutobala 2025, makanema ambiri amene anafalikira anali ojambulidwa ndi asilikali a RSF eni ake, akuombera anthu opanda zida uku akudzitama, ndipo patangopita sabata imodzi ofesi ya woimira milandu wamkulu wa ICC inalengeza kuti yayamba kusonkhanitsa ndi kusunga umboni wa zimene zinachitika kumeneko.